Malipenga ndi Msewu wa ku Vinthukutu

M'chaka cha 2000, Joel Coen ndi mng'ono wake Ethan, akatswiri opanga mafilimu a ku America, anatulutsa filimu yoseketsa yotchedwa O Brother, Where Art Thou? Nkhani yake ndi ya akaidi atatu amene anathawa ntchito yakalavulagaga ku Mississippi m'chaka cha 1937, unyolo uli m'miyendo, n'kuyamba ulendo wa njala, mabodza ndi zopusa zosatha. Ali m'njira anapatukira pa kanyumba ka wayilesi n'kuimba nyimbo imodzi kuti apeze ya chakudya, ndipo anapitiriza ulendo osadziwa kuti nyimboyo anthu ayamba kuilimbirana m'masitolo. Zimene zinachitika m'filimumo zinachitikanso kunja kwake. Nyimbo zake, zomwe T Bone Burnett anasankha ndi kujambulitsa makamera asanayambe n'komwe ntchito, zinali zachikale: za m'tchalitchi, za kumunda, za m'ndende, za banjo ndi gitala. Chimbalecho chinagulidwa mamiliyoni, ndipo mu 2002 chinapata mphoto ya Grammy ya chimbale choposa zonse. Ambiri anatolapo phunziro lakuti nyimbo zamakolo zimadzuka zikapatsidwa ulendo ndi nthabwala. Phunziroli lili ndi vuto, chifukwa limatenga ngati nyimbozo zinali zitagona kumudzi, osayenda, osaseka, mpaka filimu itabwera kudzazipatsa miyendo.

Wofuna kuona vutoli bwinobwino ayang'ane ku Vinthukutu, kum'mwera kwa boma la Karonga, kufupi ndi doko la Chilumba. Deralo ndi kachigwa kopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri okwera kunka ku Nyika, kodziwika ndi nkhalango yotetezedwa ya dzina lomwelo, ndi minda ya chinangwa ndi mpunga, ndiponso msewu wa M1. Popeza phiri lili uku madzi ali uko, woyenda pamtunda m'mphepete mwa nyanja pakati pa Chiweta ndi Karonga amadutsa chigawo chimenechi afune asafune, ndipo zakhala choncho kuyambira kale phula lisanaganiziridwe. Gule wa amuna wotchuka kwambiri m'mbali ino ya nyanja, malipenga, anabadwira pa ulendo, wakhala ndi moyo chifukwa cha ulendo, ndipo nthabwala ili m'mafupa mwake. Zinthu zitatu zimene a Coen anachita kulumikiza ndi ndalama zambiri, anthu a kunyanja anali atazilumikiza kale zaka pafupifupi 80 m'mbuyomo, popanda kamera. Amene anabwera pambuyo ndi makina, ena oonetsera mafilimu ena ojambulira mawu, kawirikawiri sanazindikire kuti apeza sewero lokwanira kale.

Msewuwo ndi wakale kuposa guleyo, ndipo unayamba ndi mapazi. Cha m'ma 1880, Ahenga ambiri amene anaukira Angoni a M'mbelwa n'kugonja anathawira kumpoto m'dziko la Angonde, chimodzi mwa zifukwa zimene Chitumbuka chimamvekera kwambiri kum'mwera kwa Karonga. Mu 1881 ntchito yolambula msewu wa Stevenson Road inayamba, kuti ulumikize nyanja yathu ndi ya Tanganyika, ndipo mu 1884 kampani ya African Lakes, ija anthu anaipatsa dzina lakuti Mandala, inatsegula sitolo ku Karonga. Mkangano wake ndi Mlozi, wamalonda a akapolo, unabuka mu 1887 n'kudzatha mu 1895, pamene Harry Johnston anamupachika. Chilumba, chimene azungu ankachitcha Deep Bay, chinali pokocheza sitima. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, katundu wake ankatsikira ku Chitimba n'kukwera phiri pamitu ya anthu, mpaka msewu wa Gorodi wa makona 20 uja utasemedwa. Zonsezi zinali ntchito ya amtengatenga. Munthu wosenza katundu pa mzere wa anthu makumimakumi amaimba kuti mapazi agwirizane ndi kuti mtima usafooke, ndipo amaimba ndi anzake amene sanabadwire mudzi umodzi. Kusakanikirana kwa nyimbo za m'dera lino kunayambira pamenepo.

Kenako kunabwera nkhondo ya chiwaya. Pa 13 August 1914, sitima ya Angerezi ya Guendolen inaphulitsa mzinga pa sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, tsidya lina la nyanja, ndipo pa 9 September chaka chomwecho asilikali a mbali ziwirizo anamenyana ku Karonga. Mu 1916 gulu la General Northey linanyamuka m'malire a kumpoto kulowa m'dziko la Ajeremani, ndipo chakudya ndi zipolopolo zake zinadutsa panyanja ndi m'njira za m'mphepete mwake. Wolemba mbiri Melvin Page anawerengera kuti Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, chiwerengero choopsa kwa dziko limene anthu ake anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri anagwidwa mokakamiza, ambiri anafa ndi njala ndi matenda osaona n'komwe mdani. Amene anabwerako anali ataona perete wa Akeyala, atamva malipenga a mkuwa ndi ng'oma yaikulu ya bandi, atatopa ndi kukuwiridwa ndi sajeni. Anali atakumananso ndi beni, gule wa mipikisano amene anayambira m'matauni a Aswahili monga Lamu ndi Mombasa cha m'ma 1890, yemwe Terence Ranger anatsata mapazi ake m'buku lake la mu 1975. Guleyo atafika kuno anasintha dzina ndi maonekedwe malinga ndi kumene wagwera: Ayao anasunga dzina la beni, ku Likoma, ku Nkhotakota ndi kum'mawa kwa Zambia anakhala mganda, Atonga ndi Atumbuka a kunyanja anati malipenga, ndipo Angonde ali ndi mapenenga awo.

Maonekedwe ake amanena okha kumene anachokera. Amuna amaima m'mizere, atavala makabudula ndi malaya ochapa bwino, masokosi aatali, nthawi zina tayi, m'manja muli ndodo kapena kampango. Ng'oma yaikulu ya zikopa ziwiri imatsanzira ya bandi ya asilikali, yaing'ono n'kumadulira. Lipenga lenilenilo ndi chipanda chouma choboola, chomatidwa kansalu kopyapyala, kale kaja kamene kangaude amakutira mazira ake. Munthu amaimbira m'chipandamo, mawu ake n'kutuluka akunjenjemera, ndipo zipanda zazikulu ndi zazing'ono zimagawana mawu apansi ndi apamwamba monga kwaya. Gulu la ovina limatchedwa boma, ndipo lili ndi maudindo ake: kingi, akapitawo, dokotala woyendera mizere kuona ngati wina wabwera ndi litsiro, ndi ena otero. W. P. Koma-Koma analemba kabuku konse ka guleyu m'chinenero chathu, M'ganda kapena Malipenga, kamene kanatuluka mu 1965. Koma chofunika kwambiri, chimene woonera wapamsewu saona, n'chakuti boma silivinira kwawo kokha. Nyengo yokolola ikatha, boma lina limaitana linzake, alendo amayenda ulendo ndi ng'oma zawo, amalandiridwa, amadyetsedwa, amagona, amapikisana pabwalo anthu akuweruza ndi nthungululu ndi kuseka, ndipo chaka china ngongole ya ulendowo imabwezedwa. Kuyeserera kwa milungu, kusonkha ndalama, kuchapa ndi kusita, kunyamuka, kufika, kupikisana ndi kubwerera, zonsezo pamodzi ndiye malipenga. Kuvina kwa pabwalo ndi chigawo chimodzi chabe.

Zovala zoyerazo zinkachokera kuti, kudera kumene azungu eniake ankalitcha kumpoto kwakufa chifukwa chosowa ntchito? Zinkachokera pa msewu womwewo. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama inali kutali: ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika m'zaka za m'ma 1930, imene anthu a ku Karonga ankafikako wapansi, ku Dar es Salaam, ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, ku Salisbury, ku Joni. Komiti ya boma imene inafufuza za anthu opita kunja mu 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a m'dziko lino anali kunja. Wobwerako ankafuna kuti mudzi uone kuti sanapite pachabe, ndipo bwalo la malipenga linali malo oonetsera nsapato, wotchi ndi kayendedwe ka munthu woona dziko. Ankabweranso ndi nkhani, ndi mawu achilendo, ndi kaimbidwe kamene anamva m'komponi. Motero gule amene anabadwa pa ulendo wa nkhondo analeredwa ndi ulendo wa ntchito.

Pali anthu, ena mwa iwo ovina enieni, amene sangakondwe kumva malipenga akuikidwa pamodzi ndi filimu yoseketsa. Anganene kuti guleyu si wa chibwana, kuti munthu amatuluka thukuta milungu kuti phazi lake ligwere pamodzi ndi la mnzake, kuti boma lochititsidwa manyazi pabwalo limamva kuwawa chaka chonse. Akunena zoona, ndipo akatswiri ena ali kumbali yawo. Ranger anakana kuti beni anali kungonyoza mzungu, anakananso kuti anali kungomusirira. Iye anaona mpikisano wakale wa magulu utavala zovala zatsopano. Lisa Gilman, amene anafufuza malipenga ku Nkhata Bay kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anachenjeza kuti akatswiri amathamangira kuona utsamunda pamene ovina akuona chikhalidwe chawo ndi ulemu wa mudzi wawo. Ndikuvomereza kuti wonena kuti malipenga ndi chipongwe chochitira mzungu basi waphonya. Koma kukana chipongwe si kukana nthabwala. Msodzi amene dzulo anali m'bwato lero ndi kingi, akuyenda pang'onopang'ono mutu uli m'mwamba. Mfuti yasanduka ndodo, lipenga la mkuwa lasanduka chipanda cha kumunda, perete woopsa uja wasanduka kunyada kwa chiuno ndi mapewa, ndipo gulu lonse ladzipatsa dzina la boma, dzina la mphamvu imene inkagwira anthu msonkho. Palibe woonera amene sadziwa kusiyana kwa chenicheni ndi chotsanziracho, ndipo chisangalalo chili pa kusiyanako.

Nthabwala yamtundu umenewu imafuna nkhope yosaseka ndi luso losaphonya. Kingi akangomwetulira, ufumu wake watha. Mzere ukasokonekera, anthu amaseka ovinawo m'malo moseka nawo. M'filimu ya a Coen muli chimodzimodzi: akaidi aja amakwera pa nsanja atavala ndevu zabodza zoonekeratu, koma amaimba bwino kwambiri, ndipo akanaimba moipa sewero lonse likanagwa. Ndiye khama la ovina, limene otsutsa akulitchula ngati umboni wakuti palibe choseketsa, ndilo limene limachititsa kuti choseketsacho chigwire. Christopher Kamlongera, polemba mu 1986, anatcha malipenga sewero losakaniza zakwathu ndi zakunja, ndipo mawu akuti sewero ndi oyenera, chifukwa muli anthu ovala maudindo amene si awo pamaso pa anthu owadziwa. Nyimbo zake nazo sizinyengerera: zimatola boma lopikisana nalo, waulesi, woumira, wosakhazikika pabanja. J. Clyde Mitchell anapeza zomwezo mu kalela, mbale wake wa guleyu ku migodi ya kopa, m'kabuku kake ka mu 1956, kumene ovina ovala mwaudongo ankaimba zoseka mitundu ina ya m'komponi. Ndipo akuluakulu a boma la atsamunda sankaona magule amenewa ngati masewera opanda mano. Pa sitiraka ya ku migodi ya kopa mu 1935, magulu a mbeni, dzina la beni kumeneko, anatchulidwa kuti anathandiza kufalitsa uthenga. Anthu amene aphunzira kusankha atsogoleri, kusonkha ndalama ndi kuyenda pa mzere chifukwa cha gule angathe kuchita zomwezo pa nkhani ina.

Kutsutsa kwina kumachokera mbali yosiyana. Kuli anthu amene amati malipenga si nyimbo zamakolo n'komwe, ndi zobwera, ndipo wofuna za makolo enieni a ku Karonga afune vimbuza, ndolo kapena indingala. Maganizo amenewa amatenga chikhalidwe ngati chinthu chimene chinamalizidwa mzungu asanafike, chotsala n'kuchisunga. Mbiri ya dera lino sigwirizana nawo. Vimbuza, amene UNESCO inawalemekeza mu 2005, anakula m'zaka za m'ma 1800 pakati pa chipwirikiti cha nkhondo za Angoni, ndipo pambuyo pake nyimbo zake zinanyamula madandaulo a akazi osiyidwa ndi amuna opita kunja. Mizimu ina yovinidwa mmenemo ndi ya mitundu yachilendo. Nyimbo za m'tchalitchi nazo ndi zosakaniza. Mishoni ya Livingstonia, makamaka Donald Fraser ku Embangweni, inalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo pa maimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anasiya nyimbo zimene zikuimbidwabe m'mapemphero ndi pamaliro. Mwana wa ku Vinthukutu amene anamva agogo ake akuziimba sangazitche zobwera. Ngakhale nyimbo za m'filimu ya ku America ija, zimene anthu anazilandira ngati mawu osasakanizika a kumapiri, zinali zoyendayenda: banjo inachokera kwa akapolo a ku Africa, nyimbo zina zinawoloka nyanja kuchokera ku Britain, ndipo zinatchuka chifukwa makampani a magalamafoni ankazisaka, monga anachitira Ralph Peer ku Bristol wa ku America mu 1927. Gule amene wavinidwa ndi mibadwo inayi kapena isanu, amene ana amaphunzira poonera atate awo, wakwanitsa zonse zimene mawu akuti zamakolo angafune.

Kanema anafika kumidzi ya dziko lino pa msewu nayenso, atakwera lole. Kuyambira 1935 mpaka 1937, bungwe la International Missionary Council, ndi ndalama za Carnegie Corporation, linayendetsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. L. A. Notcutt ankajambula mafilimu ku Vugiri m'mapiri a Usambara, ndipo G. C. Latham ankayenda nawo pa lole ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda, kuonetsa usiku pabwalo. Mawu sanali pa filimu; ankachokera pa mbale za galamafoni zojambulidwa m'zinenero zingapo. Mitu yake inali ya msonkho, ya kusunga ndalama ku positi ofesi, ya njoka za m'mimba, ndipo ankaikapo kasewero koseketsa kokopera anthu. Kuyambira 1948 mpaka 1963, Central African Film Unit ya ku Salisbury inapitiriza ntchitoyo m'maiko atatu amene anadzakhala Chitaganya, ndipo mafilimu ake oyambirira analibe mawu, ankadalira munthu woima pambali kumasulira ndi kukometsera. Ina mwa iwo, monga Mulenga Goes to Town, inalidi nkhani zoseketsa za ulendo. Koma taonani amene akusekedwa: ndi mnyamata wakumudzi wopita m'tauni n'kupusitsidwa, ndipo phunziro lake nthawi zambiri linali lakuti akanakhala kwawo n'kumvera alangizi. Pabwalo la malipenga zinthu zinali zotembenuka. Woyenda ndiye anali katswiri, ndipo chotsanziridwa chinali ulamuliro. Anthu omwewo amene ankauzidwa pa nsalu yoyera kuti ulendo umapusitsa anali ndi sewero lawo lonena kuti ulendo umapatsa munthu chonena.

Ojambula mawu anachita bwino kuposa oonetsa mafilimu, ngakhale nawonso anatenga chimene makina awo akanatha kunyamula. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland ndi galimoto ya makina mu 1950 ndi mu 1958, ndipo mwa zimene anajambula muli malipenga a Atonga ndi nyimbo za Ahenga. Zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene iye anakhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Tiyenera kumuthokoza, chifukwa popanda iye mawu a anthu amenewo akanapita ndi mphepo. Komabe mbale imasunga mphindi zitatu za zipanda ndi ng'oma. Sisunga ulendo wa boma, kapena kuyenda kwa kingi, kapena kuseka kwa azimayi a m'mudzi wolandira alendo. Womvera wa ku London amamva nyimbo yokoma ya mtundu wakutiwakuti ndipo sadziwa kuti akumva chidutswa cha sewero. MBC itayamba mu 1964 inatumanso anthu ake m'maboma kukajambula, ndipo wayilesi inazolowetsa dziko lonse kumva magule a kumpoto osawaona. Gerhard Kubik anachita zosiyana mu 1967 pamene anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, anyamata oimba m'misewu maimbidwe amene anachokera kum'mwera kudzera ku Salisbury: anawajambula pa filimu, nawalemba ndi mayina awo ngati akatswiri, osati ngati chitsanzo cha fuko.

Nkhani ya mayinayi si yaulemu chabe, ili ndi ndalama mkati. Nyimbo yotsegulira filimu ya a Coen si ya oimba olembedwa ntchito. Ndi mawu enieni a akaidi odula mitengo ku ndende ya Parchman, amene Alan Lomax anajambula mu 1959. Chifukwa Lomax analemba dzina la wotsogolera nyimboyo, James Carter, anthu anatha kumusaka patapita zaka zoposa 40, ndipo mu 2002 anam'patsa cheke cha madola 20,000. Kwathu kuno, chimbale cha Zomba Prison Project, chimene Ian Brennan anajambula m'ndende ya Zomba mu 2013, chinafika pa mndandanda wopikisana pa Grammy ya 2016, koyamba kwa chimbale cha ku Malawi, ndipo oimba ake anatchulidwa. Tsono lamulo lathu la umwini wa zaluso, la mu 1989 ndiponso limene linalowa m'malo mwake mu 2016, limaika zaluso za chikhalidwe m'manja mwa Boma poimira anthu onse, pamene nyimbo ya munthu wodziwika imatetezedwa m'dzina lake kudzera ku COSOMA. Cholinga chake n'chabwino, kuti wakunja asangotola. Koma nyimbo ya malipenga si ya munthu wosadziwika wa kalekale. Ili ndi woipeka, amene anzake a m'boma amamudziwa, ndipo kawirikawiri inapekedwa chifukwa cha mpikisano wa chaka chakutichakuti, kuyankha chipongwe cha mudzi wakutiwakuti. Kuitcha yamakolo mosasamala ndiko kufufuta munthu ameneyo. Apa kulakwitsa mbiri kumalanda munthu wamoyo chake.

Wina angafunse chifukwa chake tikuyezera gule wathu pa filimu ya eni, ngati kuti malipenga akudikira kamera kuti akhale kanthu. Sakudikira, ndipo kufanizaku kukuthandiza mbali inayo: kukuonetsa chimene mafilimu athu sanatolebe. Dziko lino linachedwa ndi kanema. Lamulo la mu 1968 loyang'anira zosangalatsa linapanikiza zisudzo ndi mafilimu kwa zaka zambiri, ndipo wayilesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Mafilimu amene atitchukitsa, monga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat a Shemu Joyah, kapena The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor ya mu 2019, ndi a nkhani zolemera, pamene nthabwala zathu zakhala pa nsanja ndi pa wayilesi, m'kamwa mwa anthu monga Izeki ndi Jakobo. Gule akaoneka m'filimu, nthawi zambiri amakhala ndiwo yokometsera, chonsecho m'malipenga nyimbo ndi ulendo ndiye nsima. Chimene chinachepetsa guleyu kwambiri si kusowa kwa kamera koma nsanja ya ndale. M'nthawi ya Dr Banda magulu ankatengedwa pa malole kukavina pa misonkhano ndi pa sitediyamu, mawu a nyimbo atasinthidwa kukhala otamanda Ngwazi, ndipo zipani za pambuyo pa 1994 zinapitiriza chizolowezicho. Pamenepo boma limapatsidwa mphindi zochepa, palibe boma lina lolimbana nalo, palibe mudzi wolilandira, ndipo kingi wa chipanda amavinira wolamulira weniweni atakhala pa mpando. Zikatero nthabwala ija yatembenuzidwa, yayang'ana kumene siinkayang'ana.

Msewu wa ku Vinthukutu sunaleke kunyamula anthu. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu wa dziko lino anayamba kudzera kumpoto kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo mathanki a mafuta, mabasi a amalonda opita ku Kyela ndi ku Mbeya, ndi magalimoto ogulidwa kunja akudutsabe pamenepo usana ndi usiku. Odandaula kuti achinyamata athawa magule chifukwa cha mafoni ndi nyimbo za ku Tanzania akuiwala kuti guleyu anadzera komweko, ndipo sanaopepo zachilendo. Choopsa chenicheni chili pa kayendedwe ka anthu. M'zaka zimene komiti ya mu 1935 inkalira kuti midzi yatsala ya akazi ndi nkhalamba, malipenga anali pa chimake, chifukwa ambiri opitawo ankabwerako. Machona analipo, makamaka mwa oyenda paselefu, koma kontirakiti ya Wenela inali ndi tsiku lothera, ndipo gawo la malipiro munthu ankalandirira kwawo. Njira imeneyo inaduka mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, inatsegukanso pang'ono mu 1977, n'kutsekeka mu 1988. Wopita ku Joni masiku ano nthawi zambiri amapita payekha, ena opanda mapepala okwanira, ndipo kubwera kudzacheza kumatanthauza kuika ntchito ndi ulendo wobwerera pa chiswe. Amatumiza ndalama pa foni, ndipo ndalamayo ingagule yunifolomu ya boma lonse, koma mzere wa malipenga umafuna amuna makumi angapo okhala m'mudzi umodzi milungu yotsatizana ya chilimwe, akuyeserera madzulo aliwonse.